Mafataki a bambo a Dalitso

Amayi, kumeneko mukudzukako bwanji? Ife kuno ku Nairobi tili bwino, kuzizira kwa Julaye kokha ndiko kwatipanikiza. Ndikulemba mothamanga chifukwa cha chimwemwe, ndiye mukaona zilembo zikupendama musaganize kuti mwana wanu wayamba kulawa.

Ndiyambe ndi zakumudzi ndisanaiwale. Mng'ono wanga Esinati wachira, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Munda wanu wa m'mbali mwa phiri wadzaza nkhokwe chaka chino, ngakhale anyani anadyako kumtunda. Abambo maso awo sakuonanso patali, moti mfuti yawo ya gogodela ija yangokhala pakhoma. Dalitso wayamba sukulu, ndipo Chiswahili chamulowa m'mutu, ndikamuitana amangoti "ndiyo, Mama".

Tsopano khalani pansi bwino. Pa zaka ziwiri zimene mwatisiyazi, ine Felesiya ndaphunzira kuwombera mfuti! Musadzidzimuke, sitipha kanthu, boma la kuno linaletsa kusaka. Timalasa pepala lojambulidwa mizere yozungulira, ku kalabu ina kunja kwa tauni, ndipo mfutizo zimakiyidwa komweko. Analowako ndi bambo a Dalitso, atakokedwa ndi anzawo a ku ofesi. Ine ndinkangowaperekeza, mpaka tsiku lina Mzee Wanjohi, mkulu wosunga mfuti, anandibwereka kamfuti kakang'ono. Loweruka lachitatu ndinawaposa amuna anga. Sizinawasangalatse, ndipo kwa miyezi ingapo nkhani ya mfuti sinkatchulidwa m'nyumba mwathu.

Zipolopolo za kamfutika n'zosowa, ndiye zigoba zake sititaya tikawombera. Timazidzazanso patebulo la Mzee Wanjohi, iye ali pomwepo kutiyang'anira. Kunsi kwa chigoba kumakhala kachitsulo kochepa ngati njere ya mapira, kamene kamayatsa onga. Nditakaona koyamba ndinafuula kuti, "Fataki!" Ndinakukumbukirani, Amayi, mutakhala pakhonde ndi chitini cha fodya chija, mukusankha mafataki a gogodela ya abambo, obiriwira mukuika padera. Abambo akapha nguluwe mudzi wonse unkatama diso lawo, inu mukungomwetulira chamumtima. Munkati, "Fataki ndi kamwana, koma ndiko kamadzutsa nyumba yonse."

Mwezi wathawu kunamveka zoti asankha anthu anayi okaimira kalabu ku mpikisano wa ku Nakuru. Ndinalembetsa osadziwa kuti kunyumba zikalandiridwa bwanji. Patapita masiku, bambo a Dalitso anandiitanira kosungira mfuti kuja n'kundipatsa kabokosi. "Mayi a Dalitso, ndakugulirani mafataki amphamvu kuposa onse a m'sitolo. Mukawaonetse anthu amenewa." Amayi, ndinatsala pang'ono kulira. Aka kanali koyamba kuti avomere ndi pakamwa pawo zoti mkazi wawo amatha.

Koma nditawayesa, zipolopolo zinamwazika papepala ngati nkhuku zaona kabawi. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Nditabwerera kwa mafataki ofatsa amene ndinazolowera, mabowo onse anaunjikana pamodzi moti ndikanawaphimba ndi chala chachikulu. Mzee Wanjohi anandiuza kuti m'kachigoba kakang'ono fataki waukali amakankha chipolopolo onga usanayake bwino. Kenaka anandiyang'ana n'kuti, "Mama Dalitso, mfuti ndakufotokozera. Za mzee wako, mwamuna wakoyo, udziwa wekha."

Sabata yonse nkhaniyi inandivuta. Inuyo munkatiphunzitsa kuti mphatso ya mwamuna timailandira ndi manja awiri ngakhale ikhale diresi yothina. Ndikagwiritsa ntchito mafataki awo, ku Nakuru ndiiwale. Ndikawasiya, ndabweza dzanja limene linatenga miyezi kuti litambasuke. Ndinaganizako zowanamiza, pajatu fataki akalowa m'chigoba palibe angamufunse kwawo. Koma bodza munandimenyera ndili wamng'ono, ndipo mpaka lero likamatuluka limandikakamira pakhosi.

Lachinayi atabwera ku ntchito ndinawaikira tiyi, kenaka ndinayala mapepala awiri aja patebulo. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mukufuna kunena kuti ndagula zoipa?"

"Ayi, bambo. Mwagula zabwino, koma zakakulira kamfuti kanga. Zili ngati kumanga ng'ombe ziwiri pa wilibala."

Sanaseke. Anadzuka, tiyi ali theka, n'kukaima pakhonde kuyang'ana magalimoto. Lachisanu anangondipatsa moni wa m'mawa basi. Loweruka, tsiku losankha lija, anati ali ndi ntchito ku ofesi, ndiye ndinamusiya Dalitso kwa aneba n'kukwera ndekha minibasi, imene kuno amati matatu. Ndinapita ndi mafataki ofatsa, ndipo mtima unkandiwawa, sindikubisirani.

Nditagona chafufumimba pamzere wowomberapo ndinangodziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumanzere kwanga kunali mzungu wina wandevu, kumanja dokotala wachimwenye, onse akale pamasewerawa. Ndinawombera pang'onopang'ono, ndikupuma monga anandiphunzitsira. Atawerenga mapepala anayamba kuitana maina. Loyamba, lachiwiri, ndiye lachitatu langa! Amayi, mwana wanu, mkazi yekhayo pagulu lonselo, akupita ku Nakuru!

Ndisanadzuke n'komwe ndinamva mawu kumbuyo kwa mpanda, m'Chichewa chathu chenicheni. "Akazi anga awo! Mwawaona? Akazi anga amenewo!" Anali bambo a Dalitso, tayi ili pakhosi, chipewa akuchigwedeza m'mwamba. Panalibe ndi mmodzi yemwe womva zimene ankanena, koma anthu anawaombera m'manja ngati wapambana ndi iwowo. Akuti ku ofesi anangokhalako ola limodzi, mpando unkawatentha.

Anthu atabalalika anabwera patebulo lodzazira zigoba paja, atanyamula thumba la zigoba zawo. Analiika patsogolo panga, Mzee Wanjohi akuona, anzawo a ku ofesi akuonanso. Anatsokomola kawiri n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi a Dalitso, inenso mundisankhireko." Ndinayang'ana pansi kuti asaone misozi, ndipo ndinawasankhira mafataki.

Ndikanakonda mukanakhalapo, Amayi, mukanaliza nthungululu mpaka Nairobi yonse kutembenuka. Ndimakusowani tsiku lililonse. Ndikulonjeza kuti pa tchuthi cha Disembala tibwera tonse atatu, ndidzakulambulireni pamene mwagonapo ndi manja angawa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya