Fulashi ya m'khosi mwa Mayi Nasimango

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kawale tilipo. Amayi miyendo ija ikuwavutabe, koma mankhwala akumwa.

Zandiwawa ine ndi izi. Kusukulu kwathu kunabwera mafomu olowera bungwe la aphunzitsi a sosho, lolimbikitsa kuphunzitsa ndi makompyuta. Tinalemba awiri, ine ndi Mayi Nasimango, amene ndinawaphunzitsa ndekha kulemba sikimu ya maphunziro atangobwera chaka chatha. Pamene ankafuna adiresi ya imelo, ine ndinalembapo bokosi la sukulu la ku positi ofesi. Adiresi si adiresi kodi? Mwezi wathunthu ndinkafunsa ahedi ngati kalata yanga yafika, osadziwa kuti anzanga anawayankha kalekale pa intaneti. Anapita kumaphunziro, n'kubwerako ndi fulashi yosungira zinthu za pakompyuta.

Achemwali, kanthu kake n'kochepa ngati chala, koma amakavala m'khosi ngati kolona. Dzulo pamaso pa aphunzitsi onse Mayi Nasimango anandiuza kuti, "Amayi, mapu onse ali umu. Inu mukujambulabe pabolodi?" Ine amene ndadya choko zaka khumi ndi zisanu! Ndinaseka nawo, koma mtima ukuwira. Chikhalirecho m'makalasi mwathu mulibe ndi soketi yomwe.

Chonde muwauze alamu anditsegulire imeloyo kuti ndilembenso fomu. Munditumizirenso fulashi. Ngakhale yakufa, bola chingwe chake chikhale chowala kuposa chawo.

Mulungu azikusungani kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati