Nsanamira ya Amjomba

Lolemba, 14 Okutobala

Ndatopa. Dzuwa la ku Chiponde silinyengerera munthu. Nsanamira yoyamba ya mlatho yatha. Kontirakitala ndi amjomba anga a Bakali, mchimwene wa amayi, amene anandilera bambo atamwalira, ndipo injiniya woyang'anira ntchito yawo ndine. Amene anaganiza zimenezi ku ofesi, Mulungu amuone.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndawapeza amisiri akuthira madzi m'konkire ngati akuphika phala. Akuti kukatentha chonchi imalimba msanga, fosholo imalemera. Ndawaletsa. "Chabwino madamu." Nditangotembenuka ndamva ndowa ikukhuthulidwa. Ndiye kuti nsanamira ija anaiumbanso chomwechi ine kulibe.

Lachitatu, 16 Okutobala

Mutu. Fumbi mpaka m'mano.

Lachisanu, 18 Okutobala

Zotsatira za ku labu zabwera. Konkire ya nsanamira ndi yofooka, siikufika n'komwe pomwe timafuna. Madzi a Januwale akadzaiwomba ipita, ndipo pamwamba pake padzakhala ana a sukulu ndi a kabaza onyamula matumba. Iyenera kugumulidwa.

Ku yunivesite ankatiuza kuti womaliza digiri yathu azidziwa kuwerengera kulemera, kuyesa dothi, kutsogolera anthu, kulankhula momveka, ndi kuika moyo wa anthu patsogolo. Zonsezo ndinakhoza. Phunziro louza amjomba ako kuti gumulani, limenelo sindinalione pa thaimutebulo.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndinapita kwa amjomba. Ndinagwada pakhonde, n'kuyamba ndi za kutentha, za mbuzi zawo, mpaka tiyi anazizira. Nditanena zogumula nsanamira, anangoseka.

"Iwe Naima, msikiti wa kwathu uja ndinamanga usanabadwe. Wagwa?"

Ndinati msikiti sukhala m'madzi. Sanasekenso. Anati anthu akamva kuti wagumulitsa ndi mwana wa mlongo wawo yemwe, ndani adzawapatsanso ntchito m'Mangochi muno? Akunena zoona.

Lamulungu, 20 Okutobala

Amayi sakundiyankhula. Angonena akuyang'ana kumbali kuti sukulu yanga yawadyera mchimwene wawo. Ndikumva chisoni, komanso ndakwiya, kaya ndakwiyira ndani. Ndachapa ovolosi basi.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndinanena pa saiti, amisiri onse akumva, nditaimirira. Ndinati: nsanamirayi sindiivomereza, igumulidwe. Makina osakanizira konkire anazimitsidwa. Amjomba anapita ku shedi n'kubwera ndi hamala yaikulu. Anaiika pamapazi anga.

"Yambani inuyo, a Injiniya."

Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Nditamenya kachiwiri, chibuma chachikulu chinagwa n'kunyenyeka ngati chigumu. Amjomba anawerama, anatola kachidutswa, n'kukafinya ndi zala mpaka kanasanduka mchenga. Sanandiyang'ane. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa hamala.