Chinyongolotsi cha kwa Celso

Canongola, Tete
Agosto 1998

Mana Albertina, mkulu wanga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tsangano kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha amayi chija chinatha? Kuno tili moyo, kungoti dzuwa la Tete silidziwa nyengo yozizira. Mbatatesi munatumiza zija zinayenda malonda, ngakhale thumba limodzi linaolera m'njira.

Chandilembetsa ndi amuna anga, a Júlio. Masiku ano akaweruka ku ntchito yawo yomanga ija safikira pakhomo, ndipo ndikafunsa amati anali kokapha nyongolotsi. Munthu wandevu zake! Ine ndinati nyongolotsi imeneyo iyenera kuti imavala kapulana, chitenje chathu cha amayi, ndiye Loweruka ndinawatsata.

Manyazi anandigwira, mana, mkazi kunalibe. Ndinapeza azibambo atadzazana m'baraka ya Celso, wogulitsa zakumwa amene anabwera kuchokera ku Joni ndi makina a masewera olumikiza ku televizau. M'masewerawo muli tianthu tinayi toyenda m'chipululu. Mwadzidzidzi mchenga umaphulika, n'kutuluka chinyongolotsi choposa nyumba, kukamwa mano okhaokha. Celso anandifotokozera monyada kuti anachipha m'kaseti yoyamba, chinabweranso m'yachiwiri, ndipo m'yachitatu ino chanenepa. Ine sindinaseke nawo. Chinthu chophedwa n'kumabweranso kwathu sitichitcha masewera, ndipo mukudziwa kuti a Júlio chichokere ku usilikali sanasambe mankhwala monga anachitira anzawo.

Koma chandisowetsa mtendere ndi china. Tianthu tija tili ndi mayina, ndipo kamodzi ndi Armando. Celso akuti wosewera ndiye amalemba mayinawo yekha, ndipo amene ankasewerayo anali a Júlio. Mana, a Júlio anatiuza pamaso pa amayi kuti iwo ndi mchimwene wathu Armando anasiyana nkhondo ili mkati, aliyense gulu lake, ndipo sadziwa kumene anathera. Nanga bwanji poyenda mumchengamo amamuika kumbuyo kwa onse? Chinyongolotsi chitamumeza, anzawo anakuwa kuti apitirize ndi atatu otsalawo, popeza chinali pafupi kufa. Iwo anazimitsa n'kuyambiranso, thukuta lili kamukamu. Celso akuti amatero masiku onse.

Kunyumba ndinawafunsa mofatsa, osakalipa. Anangoti m'makina muja n'kwabwino, chifukwa nthaka ikadya munthu umatha kubwerera n'kumuuza kuti aponde pena. Atatero anatuluka panja. Inu ndi ine tikuwadziwa mabomba okwirira amene ankadya anthu zaka zija. Ndinalira, mana, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndiwakwiyire kapena ndiwamvere chisoni.

Pempho langa ndi ili. Uzani amalume a Horácio akwere galimoto ya mbatatesi, abwere adzakhale nawo pansi. Ine angandizembe, koma amalume sangawanamize. Asabwere ndi mlandu ayi. Ndikungofuna tidziwe malo amene Armando anafera, kuti mwana wa amayi alilidwe ngati munthu.

Mupereke moni kwa alamu, azakhali a ku Angónia ndi ana onse. Amayi muwapatse moni wapadera. Akafunsa, monga amafunsira kalata iliyonse, ngati kuno kwamveka za Armando, muwauze kuti sindinalembe kanthu. Bodza limenelo ndisenza ine.

Ndine mng'ono wanu,
Hortência