Mazuka a Amalume

Lolemba, 22 Juni 1981

Ndani adalamula kuti m'holo ya tauni muziimbidwa morna yokha, nyimbo yodekha yachisoni ija? Ndafunsa pamsonkhano lero. A Firmino, bwana wanga ku ofesi ya zachikhalidwe, anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Akuti ndi mmene zakhalira kuyambira kale. Kale lake liti? La Apwitikizi. Eni ake adakwera sitima kubwerera kwawo, ife tikuwasungirabe malamulo ngati abwera Loweruka kudzaona ngati tasesa.

Morna sindidana nayo. Vayolini akamalira, inenso misozi. Koma zilumba zonsezi, nyimbo imodzi? Pa phwando la Ufulu pa 5 Julayi ndikufuna funana, gule wathu wa kumapiri wogwedeza chiuno. Ndikufuna amalume a Bento ndi gaita yawo, kaakodiyoni kothothoka mabatani kaja, pamaso pa nduna yochokera kulikulu, ku Praia.

Ndili ndi digiri ya mbiri yakale ya ku Lisbon. Ntchito yanga: kuyala mipando.

Lachitatu, 24 Juni

Kumapiri kwa amalume. Fumbi, mbuzi zowonda, mitambo yongodutsa. Chakudya: kachupa wadzulo, chimanga chophika ndi nyemba, wokazinga, dzira pamwamba.

Ndawauza. Anaseka mpaka kutsokomola. "Dotora," amanditcha choncho chifukwa cha digiri, "holo imene ija ine ndimaidziwa kunja kokha." Pakhomo pake pomwepo ndi pamene apolisi a atsamunda adawalanda gaita yawo yoyamba, wansembe atadandaula kuti ikuitana Satana. Akuti nthawi imeneyo ankaletsa chilichonse chogwedeza munthu. Ataletsa ng'oma, amayi ankakulunga nsalu, kuipana pantchafu n'kumaimenya. Gule wa batuku ameneyo. Nsalu ungaimange mlandu wanji?

Mnzawo Lela analipo, chitsulo chake chachitali chotsamira paphewa, akuchikwecha ndi mpeni wakukhitchini. Amalume akuti gaita yopanda chitsulo ndi mphaka wopondedwa mchira.

Zala zawo zatupa m'mfundo. Batani lina akulidina ndi chala chosayenera. Ndinayang'ana kumbali. Chaka chamawa sindikudziwa ngati adzaimbe.

Loweruka, 27 Juni

Ndanama, ndipo ndanama mwaluso. Ndawauza a Firmino kuti ndapeza akuluakulu awiri odziwa mazuka, gule wa ku Ulaya uja amavina pachilumba cha Santo Antão atagwirana mwaulemu ngati akunyamula mazira. Nkhope yawo ngwee. Akuti imeneyo ndiye nyimbo, yochokera kwa anthu odziwa kukhala pampando.

Malamulo awo: tayi, nsapato, kachasu wathu grogu asanunkhe. Kenako anandiloza ndi cholembera. "Ivone, ndikaona chiuno chimodzi chikugwedezeka pamaso pa anduna, ntchito yatha."

Munthu wobadwira kumapiri ngati ife. Amayi awo ankatsogolera batuku pa ukwati uliwonse, tauni yonse ikudziwa. Koma a Firmino akayankhula Chipwitikizi milomo amaisongola ngati akuuzira tiyi.

Lachiwiri, 30 Juni

Kukonzekera kuseri kwa nyumba ya amayi. Vuto laling'ono: amalume mazuka sawadziwa. Ndawaimbira pakamwa, ine amene mawu anga amathawitsa nkhuku. Akutsatira mizere iwiri bwinobwino, wachitatu zala zathawira kwawo.

Tagwirizana chonchi. Ayambe okha, pang'onopang'ono, mwaulemu, a Firmino atseke maso. Kenako Lela alowe ndi mpeni, basi funana. Lela akuti mpeni ukayamba ngakhale bishopu amagwira mpando kuti usamuthawe.

Tayi ndawabwereka wa malemu bambo. Wa Lela wammanga ngati akupita naye kumsika wa mbuzi.

Amayi amangosenda chinangwa osatiyang'ana. Akuti mwamuna ndilibe, munda ndilibe, ndiye chinthu chimodzi chomwe ndili nacho ndikufuna kuchiponya m'nyanja chifukwa cha achimwene awo osamva. Koma phazi lawo pansi silinaleke kugunda.

Lachinayi, 2 Julayi

Mantha. Ntchito ina pachilumba pano ndingaipeze kuti? Anzanga onse akufola ku ofesi ya mapasipoti, Rotterdam, Boston. Ine ndidalumbira kuti sindichoka.

Ndawapeza amalume aviika manja m'madzi ofunda amchere. Nsapato apukuta kale, aziika padzuwa.

Lamulungu, 5 Julayi

Miyendo ikuwawa. Za ntchito ndikamva mawa. Ndilembe ndisanaiwale.

Sindinaganizire za asilikali. Pakhomo pa holo awiri, akusecha aliyense chifukwa cha anduna. M'thumba la jekete la Lela, mpeni. Lela kufotokoza kuti ndi woimbira. Msilikali anautembenuza, kuyesa kuthwa kwake pachikhadabo. "Bambo, ngati uwu ndi woimbira, ndiye kuti mfuti yangayi ndi chitoliro." N'kuuponya m'bokosi.

Ndinathamangira kukhitchini. Ophika atsekera mipeni yawo m'kabati, kiyi ali ndi asilikali omwewo. Pamatebulo a anthu wamba masipuni okhaokha. Lela anayesa sipuni pachitsulo kuseri kwa katani: phokoso la mwana wofuna phala.

Vayolini anatha, m'manja mwaulemu. A Firmino kuimirira, kulengeza mazuka ndi milomo yosongoka. Amalume kulowa, tayi wa bambo, nsapato zowala. M'holo imene ija, mkati.

Anayamba. Mizere iwiri ija. Anaibwereza. Anaibwerezanso, chifukwa wachitatu kulibe. Thukuta kutsika m'khosi, maso akundifunafuna. Lela pambali pawo, chitsulo paphewa, dzanja lamanja lili lende. A Firmino atatsinzina, mutu ukuyenda uku ndi uku, akumva Ulaya. Kumbuyo wina anayamba kuseka. Zala za amalume ndinkaziona zikuuma.

Mipeni m'holo monse inali patebulo limodzi lokha, lapamwamba. Anduna akudula nyama ya nkhumba, akutafuna mosathamanga.

Ndinatenga jagi ya madzi. Ndinawathirira m'tambula, kugwada pang'ono monga mwana woleredwa bwino, n'kuwanong'oneza kuti pepani bwana, mpeni wawo wagwidwa ndi ntchentche, ndikawasinthire. Anaupereka okha, mpaka kuthokoza. A Firmino anatsegula diso limodzi.

Ndinaupukuta mafuta pasiketi yanga yatsopano, ndinadutsa pakati pa holo anthu onse akuona, ndinakwera masitepe, n'kuuika m'dzanja la Lela.