Chipewa cha Asiyatu

Lachisanu, Okutobala. Kunja kwatentha ngati ng'anjo, koma mtima wanga uli m'malo.

Lero ana asukulu anaima pamsewu wa ku Monkey Bay kudikira akuluakulu a chipani, ndipo lamulo linali lakuti pasaoneke chipewa. Mwana wanga Asiyatu ndi wachialubino. Chaka chatha anabwerako makutu ali matuza okhaokha.

Dzulo amake anakuta chipewa chake cha mlaza ndi nsalu ya chipani, nkhope ya Mkulu wa chipanicho ili pamphumi penipeni.

"Ababa," watero Asiyatu pobwera, "wachipani wina amafuna andivule chipewa, koma ataona nkhopeyo anangokanda m'mutu."

Ndamuyang'ana makutu ndi khosi, palibe thuza ngakhale limodzi. Zaka zonsezi takhala tikuimba kuti Mkuluyo ndi mthunzi wathu. Lero lokha ndavomereza.