Manambala Aja Sanali a Amayi

Ntengo-Wambalame
19 Maio 2025

Okondedwa mlongo wanga Mana Ilda,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu a Celso ndi ana kumeneko ku Tete. Kuno kuzizira kwayamba, m'mawa mame akuchita kuluma zala. Kalatayi ndailemba kawiri, yoyamba ndinang'amba chifukwa munali zofufuta zambiri. Ndaipereka kwa a Clemente oyendetsa shapa, minibasi ija, kuti ikupezeni Lachinayi, galimoto imene mwati mutumiza Loweruka kudzatenga Amayi isananyamuke. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanaimbe. Pa telefoni inu mumalankhula mofulumira, ndipo ine lilime limalemera.

Choyamba, Amayi ali bwino. Akudya, akumwa mankhwala a tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, m'mawa uliwonse ine ndikuona, ndipo dzulo anakangana ndi mlamu wanu Serafina za mbewu ya kachewere mpaka anapambana. Manambala oopsa amene akhala akufika pa telefoni yanu si awo. Si awo, Mana, ndipo wolakwa ndine.

Mukukumbukira mu Fevereiro mutabweretsa makina oyezera tensau aja. Munawalumikiza ndi telefoni, munalemba dzina la Amayi mu aplikasau ya pa telefoniyo, ndi kundiuza kuti ndikawayeza manambala azibwera okha kwa inu. Munanenanso katatu kuti makinawo ndi a Amayi okha. Sabata ziwiri zoyamba ndinamvera. Serafina anasoka kathumba kosungiramo. Ndimawayeza 7 horas asanadye kanthu, atakhala pampando mphindi zisanu, mkono uli pa meza yodyera. Ndimalemba tsiku, nthawi ndi nambala mu kaderno, kabuku kanga kaja, kenako ndimakwera pamwala wa kuseri kwa kapela pomwe rede ya telefoni imagwira, kuti manambalawo anyamuke.

Lamulungu lina anabwera a Lurdes, anzawo a Amayi a mu kwaya aja, akudandaula chizungulire. Amayi anangoti, "Quintino, amange makinawo pamkono anzangawa."

Ndinati, "Amayi, Mana anakaniza."

"Ilda ali kuti pano? Ukumuona? Ku Ntcheu nthawi ya nkhondo tinafika ndi nsalu imodzi. Khasu linali lobwereka, mphika wobwereka, kabudula wako woyamba wa kusukulu anali wa mwana wa eni. Lero tapeza kanthu kofufuma pamkono ndiye tizibisa kunsi kwa kama? Kakafinya mkono wa Lurdes katha?"

Inu mukudziwa kuti Amayi akatchula Ntcheu nkhani yatha. Ndinawamanga a Lurdes.

Apa ndipo pali manyazi anga. Ine ndinkaganiza kuti makinawo amaudziwa mkono wa Amayi, poti munalembamo dzina lawo, ndipo mkono wachilendo sangautumize kwa inu. Musaseke. Sukulu ndinalekera kwarta klase, koma ndinaliganizira bwino funsoli masiku awiri, ndipo yankho limeneli ndi limene linandikhalira lanzeru.

Mbiri inayenda. Pofika Marso, pakhonde pathu Lamulungu pankakhala ngati pachigayo. Aliyense ndinkamukhazika mphindi zisanu, ndi kulemba dzina lake ndi nthawi. A Gaspar oyandikana nafe aja anabwera thukuta lili kamukamu atasenza thumba la chimanga, ndipo atamva nambala yawo anapempha kuti tikayezenso ng'ombe yawo yakuda, akuti ikuoneka yoganiza kwambiri. Ndinakana, zimenezo mundikhulupirire. Amayi anawauza kuti, "Ng'ombeyo ikuganiza za mwini wake, ndiye ilibe mankhwala."

Tsiku limene munaimba mukulira kuti Amayi afika 165, anali a Gaspar amenewo. Tsiku limene munafunsa ngati akomoka chifukwa kwafika 95, anali João wosewera mpira uja. Pamenepo ndinazindikira kuti makina sadziwa mkono wa munthu. Ndikanakuuzani nthawi yomweyo. M'malo mwake ndinati rede ikuvuta, ndi kudula. Munaimbanso, munati ndikuwadyetsa mchere wambiri, sindikuwapatsa mankhwala, ndipo ngati ndalephera kuwasunga mudzawatenga. Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa, komabe ndinaopa ukali wanu koposa.

Ndinayesa nzeru ina. Poyeza anthu ena ndinkazimitsa telefoni. Sindinadziwe kuti makinawo amasunga zonse m'mimba mwawo, ndipo telefoni ikangoyaka amazilavula zonse pamodzi.

Tsopano ndifike pa Lachiwiri la pa 6 Maio. Pakhomo panadutsa Adelina, mkazi wa Tito mwana wa a Lurdes, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, atasenza ndowa. Amayi anayang'ana mapazi ake ndi kumuitana. Anali atatupa mpaka nsapato zikukana, ndipo anati mutu ukumupweteka masiku atatu, m'maso akuona tinyenyezi. Ndinamuyeza: 172 pa 114. Ndinati makina alakwitsa, ndinamukhazika mphindi zina zisanu ndi kubwereza: 174 pa 112. Ndinalemba zonse ziwiri. Ndinamuuza kuti akapita kusikelo sabata yamawa akanene. Mana, ndimo ndinamuuzira, sabata yamawa. Apongozi ake a Lurdes, amene anali pakhonde pomwepo, anati kutupa mapazi ndiye mapasa, tonse tinaseka, iye ananyamula ndowa yake.

Mawa lake ndinayeza Amayi, ndinayatsa telefoni ndi kukwera pamwala. Manambala onse atatu ananyamuka. Zimene munachita inu kumeneko mukuzidziwa: munaimbira a enfermera Cláudia a kuchipatala chathu, anzanu a kusukulu aja, kuti Amayi akufa.

Dzuwa lisanafike pamutu tinamva mota, njinga yamoto, ikulira panjira ya kudambo. A Cláudia anatsika matope ali mpaka m'maondo, chikwama kumsana.

"Odwala ali kuti?"

Serafina analoza kumunda. Amayi anali atawerama, akukumba kachewere ndi kuimba.

"Amenewo? A 174?"

Amayi anaweramuka, nati, "Mwana wa a Felizardo, wanenepatu! Wadzatithandiza kukumba?"

A Cláudia anawayeza pomwepo pamzere: 134 pa 82. Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa kaderno ndi kuwapatsa. Anatsegula masamba mmodzimmodzi, akupukusa mutu, pena akudziletsa kuseka. Atafika pa tsamba la dzulo lake kuseka kunatha.

"Adelina uyu ndani?"

"Mkazi wa Tito. Ndi woyembekezera."

"Miyezi ingati?"

"Isanu ndi itatu."

"Kwerani kumbuyoku mundilozere nyumba. Msanga, a Quintino, nsapato zisiyeni!"

Tinamupeza atagona pamphasa, atamanga mpango kumutu. A Cláudia anamuyeza, anamupatsa mankhwala, ndi kukwera pachulu kukaitana ambulansiya. A Lurdes anayamba zoti tidikire Tito abwere kumsika, koma Amayi, amene anatitsatira wapansi khasu lili m'manja, anati, "Lurdes, Tito akatipeza komweko. Manga zovala." Madzulo a tsiku lomwelo Adelina anali kuchipatala chachikulu. Madokotala anamuchita opareshoni Lachinayi. A Cláudia anandiuza pambuyo pake kuti kwa mayi woyembekezera nambala yotere ndi moto padenga, ndipo sabata yamawa ija mwina sakanaiona.

Koma waiona, Mana! Anabwerako Lachisanu lapitali, mwana ali m'manja, wamkazi, wamng'ono ngati botolo koma mawu ngati a katekista. Amayi a mu kwaya anakamuchingamira kumsewu ndi nthungululu. Tito anapha mbuzi, ndipo a Gaspar anavina mpaka anapempha kuti ndiwayezenso.

Ndinawapempha a Cláudia kuti asakuuzeni za kubwereketsa, ndikuuzeni ndekha. N'chifukwa chake anangoti Amayi ali bwino, ndipo inu simunakhulupirire. Anandikalipira ndithu, anati kusakaniza manambala kukanachititsa kuti Amayi awonjezeredwe mankhwala osafunika. Kenako anandionetsa kuti pamakinapo pali batani la munthu woyamba ndi la munthu wachiwiri. Ine ndinkaliopa batani limenelo, sindinaligwirepo. Akonza kuti loyamba likhale la Amayi ndipo lizibwera kwa inu, lachiwiri likhale la alendo ndipo lizipita kwa iwo, ine ndiziwatumizira dzina. Andilembera papepala nambala imene munthu akafika ndiyenera kuimba nthawi yomweyo, makamaka oyembekezera. Pepalalo ndamata pachitseko. Koma ndawauza kuti batani lachiwiri sindiligwira mpaka eni makina avomere, ndipo eni ake ndinu.

M'kalata muno ndaikamo mapepala atatu. Ndakoperamo manambala a Amayi okhaokha kuyambira 10 Fevereiro mpaka lero, palibe tsiku lodumpha. Yaikulu kwambiri ndi 146, tsiku limene mbuzi za a Gaspar zinalowa m'nyemba zawo. Muwaonetse adokotala anu. Mukawerenga n'kuonabe kuti ndalephera kuwasunga, ndidzawamangira katundu ndi manja anga, sindidzatsutsa. Koma Mana, ine ndazolowera kumva chifuwa chawo m'mawa kuseri kwa khoma. Mukawatenga sindikudziwa kuti 7 horas ndizichita chiyani.

Amayi eni ake ndawauza za galimoto. Ati ndilembe mawu awo osasintha, ndiye ndi awa: "Umuuze Ilda kuti galimoto ibwere, koma ibwere ndi iyeyo ndi adzukulu anga, ndipo pobwerera inyamule kachewere, osati ine."

Akukupatsani moni Serafina ndi ana onse. A Lurdes akuti mukabwera adzakugwadirani ngakhale maondo awo ndi ovuta. A Cláudia akuti mulekeretu kuimba mukulira, munawathamangitsa mpaka mota inataya galasi. Tito akupereka moni, wangobweretsa nkhuku kuti ikudikireni. Adelina akuti iye sakukudziwani nkhope, koma akudziwa kuti kuli mayi wina ku Tete amene anaona nambala yake ndi kulira ngati ndi ya mayi wake.

Moni wotsiriza ndi wa mwanayo. Ubatizo wake uli pa 8 Junyo, ndipo makolo ake andituma kuti ndikupempheni mudzamunyamule ndinu kuguwa. Dzina anamutcha kale kuchipatala komweko, ine osafunsidwa. Ndi Ilda.

Ine mlongo wanu wolakwa, amene akudikira yankho pamwala paja,

Quintino