Ndinkati akudya kwina, chikhalirecho chakudya sichinkatsika

Aphungu,

Ndine mayi wa kuno ku Makhanga. Kulemba ndinaphunzira pang'ono kusukulu ya mishoni, choncho mundikhululukire pomwe dzanja lakhota. Nkhani yanga ndi ya amuna anga, a Hilario, amene akudwala ine ndili kutali.

A Hilario ndi Msena. Anabwera ndi makolo awo chaka chija anthu ankathawa nkhondo kwa Apwitikizi, n'kudzakhazikika kwa Nyachikadza. Ntchito yawo ndi kudula nkhuni za sitima za pamadzi. Ndi munthu wosayankhulayankhula, woti ungamuponde phazi iye n'kungosuntha. Ine ndiye mawu sandigonera m'kamwa.

Kwawoko mwamuna amadya payekha. Ndinkaphika, n'kukatula mbale pansi pa mtengo wa masawu, n'kubwerera kukadya ndi apongozi. Mkazi sakhala pamenepo kumawerenga mbamu za mwamuna. Zomwe ndinkaona ine ndi mbale pobwera basi. Poyamba mlamba wootcha unkabwerera wathunthu, msuzi wokha utamwedwa. Kenako nsima ya mapira inayamba kubwerera itangotsinidwa m'mbali. Ndinasinja ufa mpaka manja kuchita matuza poganiza kuti mwina ukukhakhala, koma ayi ndithu. Ndikafunsa kuti ndalakwanji, ankangoti, "Palibe, ndakhuta." Munthu wochokera kodula nkhuni angakhute chiyani?

Mukudziwa inu, Aphungu, kuti kwathu kuno mwamuna akabweza nsima ya mkazi wake si nkhani ya m'mimba, ndi mlandu. Anzanga kudooko anandiuza kuti, "Mwamuna sakhuta mphepo, mnzathu. Fufuza komwe akusamba m'manja." Ndinafufuzadi, ndipo ndinamva kuti tsiku lililonse amakamwa thobwa kwa Evelesi, mayi wamasiye amene amagulitsa pomwe sitima zimapakirira nkhuni. Ndinapita konko n'kumutukwana mayiyo pamaso pa anthu. Mawu omwe ndinamunenera sindingawalembe papepala.

Ankhoswe atakhala pansi anafunsa amuna anga chifukwa chomwe akukanira nsima yanga. Iwo anayang'ana pansi n'kungoti, "Sindinaikane." Ankhoswe anati ngati ndi choncho, mayi aphike pompano ndipo bambo adye tonse tikuona, nkhani ithe. Ndinaphika. A Hilario anasamba m'manja, n'kutema mbamu, n'kuigwira kanthawi, kenako anaibwezera m'mbale. Manyazi omwe ndinachita tsiku limenelo, ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ndinamanga katundu wanga n'kukwera bwato kubwerera kwa makolo anga.

Titatha kuthyola thonje ndinapita kwa amuna anga kukatenga khasu langa ndi miphika. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala okha ndi chikho cha phala. Aphungu, sindinawazindikire msanga. Munthu uja ankanyamula chipika yekha watsala mafupa okhaokha. Ndinaona akumeza phala pang'ono, n'kumadziguguda pachifuwa, kenako phala lija linabwerera ndi malovu ambirimbiri. Atandiona anati, "Mayi, nsima yanu sindinkaikana. Imaima apa," akuloza pakati pa chifuwa. Anati thobwa lokha ndilo linkatsika, n'chifukwa chake ankapita kwa Evelesi. Nditafunsa kuti bwanji sananene kwa ankhoswe, anati, "Mwamuna anganene pabwalo kuti nsima ikumukanika ngati khanda?"

Ndinalira. Ndinapempha kuti ndikhale ndiziwasamala, koma apongozi anandiimira pakhomo. "Nkhabe, ayi! Pano suphikanso. Unamudyetsa kanthu iwe, n'chifukwa chake unathawa." Tsopano akuwamwetsa amuna anga mankhwala osanzitsa kuti chomwe akuti ndinawadyetsacho chituluke. Ine andiuza kuti ngati ndikufuna kukhudzanso mphika pakhomopo, ndiyambe ndamwa mwabvi.

Ndikadadziwa, ndikadasuzumira ngakhale kamodzi pansi pa mtengo paja. Kodi nthenda imeneyi ndi yanji? Chakudya cha mkazi chingatseke mwamuna pakhosi? Mtima wanga ukuti ndingomwa mwabviwo popeza sindinalakwe, kuti andilole kubwerera. Ndithandizeni.

E.N., Makhanga

Mayi E.N.,

Tiyambe ndi chachikulu: mwabvi musamwe. Umenewo ndi ululu, sudziwa wolakwa kapena wosalakwa, ndipo boma linauletsa. Mukafa nawo, amuna anu adzatsala opanda wowasamala, ndipo nthenda yawo idzakhala ili pomwepo.

Kalata yanu ndinawawerengera adotolo a kuchipatala cha mishoni, ndipo izi ndi zomwe andifotokozera. Pakhosi pa munthu pali njira ziwiri. Yakutsogolo ndi ya mpweya, yopita kumapapo. Kumbuyo kwake kuli mmero, njira ya chakudya, yomwe imatsika kudutsa m'chifuwa mpaka kuchifu. Chakudya sichimangogweramo ngati mwala m'chitsime ayi. Mmerowo ndi mnofu, umafinya mbamu pang'onopang'ono kuitsitsa, monga njoka ichitira ikameza chule. Kumunsi kwake kuli kakhomo komwe kamatseguka kuti chakudya chilowe m'chifu, n'kutsekanso. Kakhomoko kakafooka, zowawasa za m'mimba zimakwera n'kumawotcha pachifuwa, ndiye chilungulira chija. Nthawi zina munga wa nsomba umabaya mmero, kapena munthu amamwa chinthu chowotcha, balalo pochira n'kuchepetsa njira. Koma zikayamba ndi nyama, n'kubwera nsima, kenako phala, munthu akuwonda, nthawi zambiri chimakhala chotupa chomwe chikukula m'katimo n'kumatseka njira. Akuti chimakonda kugwira amuna achikulire, makamaka okonda kachasu ndi fodya, ngakhale ena osamwa nawonso chimawapeza. Palibe mkazi amene angachiike mu nsima.

Pa za kulakwa, musasenze mtolo wonse nokha. Inu munafulumira kumvera za kudooko, amuna anu anasankha kutaya banja m'malo monena kuti akudwala, ndipo ankhoswe anaona munthu wowonda akulephera kudya koma iwo n'kumaweruza za chikondi. Wolakwiridwa kotheratu ndi Evelesi, amene thobwa lake ndilo linkasunga moyo wa amuna anu. Munamutukwana pagulu, kamupepeseninso pagulu.

Kwa apongozi musapite nokha. Tengani ankhoswe a mbali zonse ndi mkulu wa mpingo, ndipo a Hilario anene okha pamaso pawo zomwe anakuuzani kuseri kwa nyumba zija. Mawu amenewo akachokera kwa inu adzati mukudziyeretsa. Apongozi musalimbane nawo, ndi mayi amene akuona mwana wake akutha. Auzeni kuti muziphika iwo akuona, ndi ufa wawo, inu n'kuyamba kulawa. Akakana, aphike iwowo, inu muzimwetsa wodwalayo.

Mankhwala osanzitsawo aleke lero lomwe. Akungopweteka mmero ndi kuchotsa kachakudya kochepa komwe katsika. Wina asawakakamizenso kumeza mbamu yaikulu kuti ikankhe chotsekacho. Apatseni zamadzimadzi: phala losefa, thobwa, mkaka wowiritsa utazizira, dzira losakaniza m'phala, msuzi wa nsomba wopanda minga. Azimwa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, atakhala tsonga, ndipo asagone akangotha kumwa. Akatsamwa, imani kaye. Za mwambo woti mwamuna adye yekha muziike pambali, muzikhala pomwepo. Mphamvu zikadalipo, akwezeni sitima ya pamtunda pa Chiromo mupite nawo kuchipatala ku Kabula. Pali mitundu ina ya kutsekeka yomwe adotolo amatha kuithandiza, ndipo sitingadziwe asanawapime.

Koma sindikunamizani, mayi. Ngati ndi chotupa chija, adotolo akuti mankhwala ake alibe, ndipo pomwe phala layamba kubwerera nthawi siikhala yaitali. Mwina simukupita kukachiza munthu, mukupita kukamusamala mpaka Mulungu atachita kufuna kwake. Choncho pezani bwato sabata ino, mvula isanadzaze madambo n'kukutsekerani kwanuko. Mukati mudikire kuti apongozi afewe mtima okha, mudzafika anthu akukumba manda, ndipo tsiku limenelo palibe amene adzakuletseni kuphika.

Aphungu